Mabomu a Apongozi Anga

Ntchito yanga ndi kuchapa zovala za anthu, ndipo palibe dontho limene sindilidziwa. Mundipatse malaya, ndikuuzani ngati mwini wake amadya akuyenda, ngati amasuta mobisa, ngati mkazi wake anatopa naye. Ndachapapo matewera, nsalu za odwala, ngakhale makatani a m'bala amene anthu oledzera amapukutira chilichonse chotuluka m'thupi mwawo. Zaka khumi ndi zisanu manja ali m'beseni, ndinkaona ngati nseru inandithera kalekale. Ndinkadzinamiza.

Fungo linayambira m'chipinda cha apongozi anga aamuna, bambo ake a mwamuna wanga. Akhala nafe chimwalirire akazi awo, tsopano ndi zaka zinayi. Kale ankasoka nsapato, ndipo ngakhale maso anawasiyitsa ntchitoyo, bokosi la zida zawo likadali kunsi kwa bedi. Ndi munthu waukhondo, wosayankhulayankhula, woti akamadya sumva ngakhale kulira kwa supuni. Zovala zawo ndimachapa ndine, kupatula zamkati, zimene amachapa okha posamba n'kuziyanika kuseri kwa katani.

Poyamba ndinkaganiza kuti khoswe wafera kudenga. Ndinatsegula mawindo, ndinakolopa ndi jiki, fungo lili pompo. Tsiku lachinayi, iwo ali pakhonde kuothera dzuwa, ndinakoka bedi. Kuseri kwa bokosi la zida kunali jumbo yomangidwa mfundo ziwiri. Nditamasula, mpweya umene unatulukamo unandigwira pakhosi. Munali makabudula amkati anayi, ena ouma gwa ndi mafinya osakanikirana ndi magazi, ena akadali onyowa. Ndinathamangira kubafa, tiyi yense wam'mawa anatulukira momwe analowera.

Apo mpamene ndinakumbukira mayendedwe awo a masiku amenewo, kutangadza miyendo poyenda ndi kukhalira thako limodzi pampando. Ankati ndi nyamakazi.

Za m'kabudula wa apongozi si zofunsa ine. Ndinadikira mwamuna wanga, amene amawotcherera zitsulo, ndipo atabwera kudzadya masana ndinamuimika pakhomo.

“Musanasambe m'manja, kaoneni bambo anu. Muwauze atsitse buluku.”

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma nditamuonetsa jumbo ija analowa. Sipanathe mphindi zitatu, anatuluka dzanja lili pamphuno n'kukalavulira pamaluwa anga.

“Mabomu,” anatero chapansipansi. “Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, ali ndi mabomu. Mphechepeche monse mwatupa ngati mazira awiri, ndipo limodzi analiboola okha.”

“Analiboola ndi chiyani?”

“Singano yosokera nsapato. Akuti anaiotcha kaye pakandulo. Atafinya, anamatapo chigamba ndi guluu kuti pasamadonthe.”

Guluu ameneyo ndimamudziwa, ndi uja wachikasu wonunkha ngati petulo, amene amamatira zidendene.

“Ndiye mupite nawo kuchipatala,” ndinatero.

“Ine? Ndikakhale pamzere wa matenda a anyamata ndi bambo ondibereka, anthu azifunsana kuti wodwala ndi uti? Ndili ndi geti la eni ake loti ndimalize lero.”

Chakudya sanadye, anabwerera kuntchito. Kamba amanyera amene wamtola. Ndine amene ndinalimbikira zaka zinayi zapitazo kuti bambo asakhale okha, abwere kuno tiziwasamala.

M'mawa mwake tinakwera minibasi awiriwiri. Ndinawayalira nyuzipepala pampando, ine n'kukhala cha pawindo mphuno ili kunja. Ndikudziwa kuti anaona, ndipo sindinasamale. Njira yonse anangoyang'ana nsapato zawo, zopolishidwa bwino monga mwa nthawi zonse.

Adokotala anali mayi wojintcha wa magalasi, woyankhula mosapsatira. Ndinakhala panja pabenchi nthawi yaitali, ndikumva apongozi akubuula pamene ankawachotsa chigamba chija. Kenako anandiitana.

“Agogowa akuti inu ndi amene mumawasamala, ndipo avomera kuti mumve nawo. Khalani pansi.”

Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

“Awa ndi mabomu, ndipo amachizika,” anatero adokotala. “Ndi tizilombo tolowa pogonana. Timayamba ndi kachilonda kakang'ono kumaliseche, kosapweteka, kamene kamapola kokha masiku ochepa, munthu n'kuiwala. Pakapita masabata angapo mpamene anabele a m'mphechepeche amatupa n'kuchita mafinya. Agogo, chotupa si nsapato. Mukachiboola nokha, dzenjelo limakana kutseka, limangotuluka mafinya miyezi ndi miyezi. Chinacho ndachipopa ndi jakisoni, sindinachicheke. Singano yanu ija muisiye m'bokosi.”

Apongozi anangogwedeza mutu.

“Mapiritsi awa, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku makumi awiri ndi limodzi. Osadumphitsa, osasiyira panjira ngakhale muone ngati mwachira. Magazi tatenga kuti tione ngati palibe matenda ena obwera njira yomweyo. Ndipo mpaka mutamaliza mankhwala, buluku likhale lomanga.”

Funso langa linali limodzi, ndipo silinali la iwo. “Adokotala, ine ndimachapa zovala za anthu. Mabeseni anga, sopo, chingwe choyanikira, makapu, chimbudzi. Ana anga amagwiritsa ntchito bafa lomwelo.”

“Sopo wanu alibe mlandu, mayi. Kapu sipatsira munthu mabomu, ngakhale chimbudzi. Zoipitsidwazo muzichapa mutavala magolovesi, madzi otentha, basi. Wodetsa nkhawa si inu kapena ana anu.” Anang'amba kapepala kakang'ono, kokhala ndi nambala ndi chidindo, n'kuwapatsa apongozi. “Aka mukapatse amene mwakhala mukugona naye miyezi iwiri yapitayi. Abwere nako, sitikamufunsa zambiri.”

Apongozi anakapinda kanayi n'kukaika m'thumba.

“Ndikunena zoona, agogo,” anapitiriza adokotala. “Inu mwachita mwayi, matenda anu aonekera kunja. Kwa akazi nthawi zambiri zotupazi zimakhala mkati, mwini wake amangomva msana kapena m'munsi mwa mimba, n'kumati ndi kutopa. Zikakhalitsa zimasiya zipsera zotseka njira, mpaka munthu kumavutika kuchita chimbudzi. Ena kumaliseche kumatupa osaphwanso, ena amabooka mkati n'kumangodontha. Pofika pamenepo mapiritsi amapha tizilombo, koma choonongeka sichibwerera. Mayi ameneyo sadziwa chilichonse mpaka inu mutamuuza.”

Madzulo ndinamufotokozera mwamuna wanga zonse. Atamva za kapepala anaseka kuseka koipa.

“Akataye. Hule ameneyo adzionere yekha. Amene amavula ndi nkhalamba ngati iyi ndi munthu wanji?”

“Wakudya zowola,” ndinatero ine, ndipo ndinanena ndi mtima wonse. M'mutu mwanga ndinkamuona mkaziyo: wa milomo yofiira, wa kuseri kwa msika, wodikira tsiku limene nkhalamba zalandira penshoni.

Zimene ananena adokotala za makapu ndinazimva, koma mimba yanga sinazimve. Ndinawapatulira apongozi kapu yawo, mbale yawo, beseni lawo, ndipo pachogwirira cha kapuyo ndinamangapo ulusi wofiira. Mapiritsi ndinkawaika pambale n'kuikankhira kwa iwo ndi chala chimodzi. Iwo ankati, “Zikomo, mayi,” n'kumeza. Akatuluka m'bafa ndinkathiramo jiki mpaka maso kuwawa.

Wochapa aliyense amapisa m'matumba asananyike chovala. Patapita masiku atatu, ndikupisa m'buluku lawo, ndinapeza kapepala kaja kali chipindire. Sanakapereke. Ndinakaponya pashelefu ya sopo, ndipo ndinene zoona, sikanandivutitse mtima.

Tsiku lomwelo ndinaganiza zothana ndi jumbo ija. Kuchapa sindikanatha, ndinati ndingootcha. Ndinasonkha moto kuseri kwa nyumba, ndinamanga mpango pamphuno, n'kuyamba kutola makabudulawo mmodzimmodzi ndi kamtengo. Woyamba anapsa, wachiwiri anapsa. Wachitatu anatembenuka pakamtengo, m'chiuno mwake n'kuonekera, ndipo dzanja langa linaima.

Lasitiki wake anali watsopano, woikidwa pamanja. Msoko wake unali wa timizere ting'onoting'ono topendekera kumanzere, ndipo pothera pake ulusi unabwerezedwa katatu n'kumangidwa kamfundo kooneka ngati ntchentche. Msoko umenewo ndinakula nawo. Unali m'mapanti anga onse a kusukulu, unali m'madiresi a ana anga. Munthu wosoka chonchi padziko pano ndi mmodzi, wamanzere, ndipo ndi amayi anga ondibereka.

Ndinakhala pansi padothi pomwepo. Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina anangowathandiza asewere awo. Koma ndi mkazi uti amene amaika lasitiki m'kabudula wamkati wa mwamuna amene sanamuonepo atavula? Ine amene ndimawachapira zaka zinayi, makabudula amenewo ndinali ndisanawagwirepo.

Amayi anga ndi amasiye zaka zisanu ndi zinayi. Amakhala okha kutsidya kwa msewu waukulu, ulendo wa theka la ola wapansi. Lamulungu lililonse akatuluka kutchalitchi amabwera kudzaona zidzukulu, ndipo amakhala pakhonde ndi apongozi kukamba za mitengo ya zinthu ndi za anthu amene amwalira. Ine ndinkawapatsa tiyi n'kumayamika Mulungu kuti nkhalamba zanga zimagwirizana. Lachinayi lililonse apongozi ankapolisha nsapato n'kunena kuti akukaongola miyendo, kubwera dzuwa litapendeka. Ndipo mwezi wathunthu tsopano amayi akhala akudandaula msana.

Ndinasanzanso, ulendo uno popanda chotuluka.

Apongozi ndinawapeza m'chipinda chawo atagona chagada. Sindinagogode, sindinagwade, ulemu wonse ndinausiya kumoto kuja. Ndinawaonetsa kabudula ali pakamtengo.

“Bambo, lasitiki uyu anakuikirani ndani?”

Anayang'ana kabudula, anayang'ana ine, kenako denga. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

“Ndikufunsa. Kapepala kaja n'ka amayi anga?”

“N'kawo,” anatero pomaliza. “Zaka ziwiri tsopano. Sitinafune kukuvutitsani anthu inu.”

“Kutivutitsa? Mwawapatsa zowola zanuzi, kenako mwakhala chete masiku atatu kapepala kali m'thumba. Simunamve zimene ananena adokotala?”

“Ndinamva, mayi. Usiku sindigona. Koma ndikayambira pati? Ndikalowa bwanji m'nyumba mwawo ndikununkha chonchi?” Anapukuta m'maso ndi chikhatho. “Ndipo chimene chikundizunguza mutu n'chakuti ine kunja kwa iwo sindinapiteko kwina. Chimwalirire mkazi wanga, ndi amayi anu okha.”

Bodza limenelo linandinyansa kuposa mafinya. Ndachapira amuna ambiri, ndimadziwa zimene zimapezeka m'makolala ndi m'matumba mwawo, ndipo aliyense akagwidwa amalumbira chimodzimodzi.

“Ndiye mabomuwa anagwa ndi mvula?” ndinatero, n'kumenyetsa chitseko.

Kapepala ndinakachotsa pashelefu n'kukaika m'chikwama changa. Kanakhala mmenemo masiku anayi. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndipita, kenako ndinkapeza zoti ndisite, zoti ndikapereke, zoti ndinyike. Vuto silinali mtunda. Ndikangotseka maso ndinkaona zimene mwana sayenera kuona: amayi anga, amene anandimenyapo mbama chifukwa choima ndi mnyamata pampopi, ali pabedi ndi munthu wa guluu m'mphechepeche. Ndinkaona mano awo oikirira ali m'kapu, ndodo itatsamira khoma, makwinya pamakwinya. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zinatembenuka, adya ndi akulu, wopotedwa ndine.

Mwamuna wanga sindinamuuze. Madzulo ena, akudya, anayambanso.

“Madzi saiwala khwawa. Ndikuganiza kuti bambowa ankachita zimenezi amayi ali moyo. Koma hule ameneyo ndikanangomudziwa, ndikanamuyalutsa msewu wonse umve.”

“Idyani chakudya chanu,” ndinatero.

“Si iwe unati ndi wakudya zowola?”

“Ndati idyani.”

Anandiyang'ana modabwa, koma anadya. Ine ndinatuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Lachinayi masana foni inalira. Anali amayi.

“Mwana wanga, asewere ali bwanji? Lamulungu unati ndisabwere, m'nyumba muli chimfine. Lero sindinawaone akudutsa kuno.”

Akudutsa. Ndinaluma mlomo. “Akupezako bwino.”

“Chabwino. Ukamabwera undigulireko mankhwala opaka aja. Msanawu wafika m'munsi mwa mimba tsopano, ndipo kuchimbudzi ndikumakhalako nthawi yaitali. Ukalamba si chinthu.”

Nditadula foni, mawu a adokotala anabwera onse, zipsera, kutupa, kudontha. Ndinaona kuti ndakhala ndikuchita zomwe ndinawakalipira apongozi, ndipo ine ndawaposa ndi tsiku limodzi. Nseru ndinali nayo ndithu, koma nseru siinali kudzawachiza amayi anga. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Lachisanu m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinawoloka msewu waukulu. Nyumba ya amayi ndi ya zipinda ziwiri, yoyera ngati ya namwino. Pamipando pali tinsalu toluka, pakhoma chithunzi cha malemu bambo anga atavala tayi. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, bedi loyalidwa bwino likuoneka, ndipo ndinasankha mpando woti ndilifulatire.

Anandithirira tiyi. Ndinayang'ana kapuyo, ndikudziwa bwino lomwe kuti kapu ilibe mlandu, koma sindinaikhudze.

“Mankhwala opaka aja uli nawo?”

“Msana wanu si wopaka, amayi.” Ndinatulutsa kapepala n'kukaika patebulo pakati pa kapu ndi shuga.

Anavala magalasi, anakafunyulula, anawerenga mpaka chidindo. Ndinkadikira kuti akomoke, kapena alire, kapena akane. Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu.

“Asewere?”

“Eya.”

“Ndi chiyani?”

“Mabomu.”

“Aphulika?”

“Limodzi analiboola okha n'kumata ndi guluu.”

“Chitsiru cha munthu,” anatero, koma mawu ake anali ofewa moti ndinachita tsembwe. “Akumva kuwawa kwambiri? Akudya?”

Apo ndinaphulika ine. Ndinawauza zonse, jumbo, fungo, nyuzipepala ya m'minibasi, lasitiki. Ndinawauza zimene matendawa amachita mkati mwa mkazi akakhala chete, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati munthu wauve uja watola zonyansa zake kumene amatola, wabwera nazo pabedi la bambo anga, wawapaka iwo, kenako n'kulumbira pamaso panga kuti sanapite kwina. Ndinati ndikabwerera ndikamulongedzera bokosi lake la zida, akafere kwa ana ake ena.

Amayi anandisiya mpaka mpweya unandithera.

“Wamaliza?”

Anaika magalasi patebulo.

“Choyamba, bedi ilo ndinagula ndekha, bambo ako atamwalira kale. Chachiwiri, usawatukwane asewere m'nyumba mwanga. Chachitatu, imwa tiyi, ukundinyansa ndi mmene ukuiyang'anira kapu yangayo.”

“Ine ndikukunyansani? Amayi, pa msinkhu wanu?”

“Msinkhu wanga watani? Unkaganiza kuti tsiku limene tinaika bambo ako, ine ndinasanduka mpando woti muzikhalira Lamulungu? Zaka zisanu ndi zinayi, mwana wanga. Iwe umagona pafupi ndi munthu wopuma. Ine ndimadzuka, kuyankhula ndi ketulo, kugona. Sindikupempha kuti uzikonde. Ngakhale ine amayi anga akanandiuza zotere ndikanalavula.”

Ndinayang'ana pansi. Amayi anatolanso kapepala kaja.

“Adokotala anati masiku angati?”

“Makumi awiri ndi limodzi kwa iwo. Inu akakuyezani kaye.”

“Kachilonda kosapweteka kaja unanena, kamabwera nthawi yaitali bwanji zisanatupe?”

“Masabata angapo.”

Anayamba kuwerengera, milomo ikuyenda, zala zikugunda patebulo chimodzichimodzi. Kenako anadzuka atagwira msana, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva kabati ikutseguka, madzi akukhuthukira m'beseni. Ndinatsala ndekha ndi chithunzi cha bambo anga ndi tiyi wozizira. Ndinanyamula kapu, ndinaifikitsa pamlomo, ndinameza kamodzi. Anatsika movuta ngati mankhwala.

Anatuluka atavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato zakuda. Kapepala anakaika m'chikwama, pakati pa buku la nyimbo.

“Tiye. Ukandiperekeze, koma m'chipinda cha adokotala ndikalowa ndekha.”

Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinaganiza kuti chovuta chatha, chatsala ndi kupirira nkhope ya nkhalamba ija masabata awiri, kenako ndione chochita nayo. Ndinawatengera ambulera, iwo akulimbana ndi loko wa pachitseko.

“Timapepalati,” anatero osandiyang'ana, “amapereka kamodzi kokha, kapena munthu ukhoza kupempha kena?”

“Kena ka chiyani? Apongozi alandira kale mankhwala.”

“Si ka asewere.”

Loko analira. Anaika kiyi m'chikwama, n'kutembenuka kundiyang'ana m'maso.

“Pali bambo ena, aja okonza mawotchi pafupi ndi positi. Anabwera kawiri kokha, miyezi itatu yapitayo, pamene asewere anandikwiyitsa. Ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo sanandilakwire chilichonse. Akuyenera kudziwa.”

M'mutu mwanga ndinamvanso mawu a apongozi, kunja kwa iwo sindinapiteko kwina, ndi chitseko chimene ndinawamenyetsera.

“Ndiye bokosi lawo ulisiye pamene lili,” anatero amayi. “Munthu uja sanakunamize. Ukabwerera ukawauze kuti ndikubwera Lamulungu, ndidzawauza ndekha. Usanditsogolere.”

Anayamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pamsana, lina atalitambasulira kwa ine kuti ndiwagwire. Ndinaliyang'ana dzanjalo. Khungu langa lonse linkakana, ndipo sindinganame kuti linasiya kukana. Ndinaligwira, tinatsika.